Thanki imodzi ya mpweya ingadzaze mfuti yanu kangati? Mafunso ndi mayankho

Mfuti za mpweya za mtundu wa PCP, zimene zimasunga mpweya wopanikizidwa m'kabotolo kake, zimawombera molunjika ndipo sizikankha phewa. Vuto lake ndi limodzi: mpweyawo umatha, ndipo mu Blantyre muno simungangolowa paliponse n'kudzazitsa. N'chifukwa chake ambiri amagula thanki yaikulu yosungira mpweya kunyumba. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amafunsa asanagule thankiyo, kapena atagula kale n'kuona kuti siikukhalitsa monga ankayembekezera.

Kodi thanki yaikulu ndiye yabwino?

Osati nthawi zonse, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya ndalama zawo. Chofunika kwambiri si kukula kwa thanki, koma kusiyana kwa presha ya m'thankimo ndi presha imene mfuti yanu imafuna.

Taganizani za migolo iwiri ya madzi yolumikizidwa ndi paipi kumunsi kwake. Madzi amachoka mu mgolo umene adzaza kwambiri n'kupita mu unzakewo, ndipo akafika pofanana amaima, ngakhale mgolo woyambawo ukhale waukulu chotani. Mpweya umachitanso chimodzimodzi. Presha imayezedwa m'ma bar. Ngati mfuti yanu imadzaza pa bar 200, thanki ikangotsika kufika pa bar 200 siingathenso kuidzaza mpaka pamwamba. Mpweya wambiri umakhala udakalimo, koma ulibe mphamvu yokankhira. Choncho pa thanki ya bar 300, gawo limene limakugwirirani ntchito ndi la pakati pa 300 ndi 200 lokha. Pa thanki ya bar 232 ndi bar 32 zokha basi.

Nanga ndiwerengere bwanji?

Mukufunika manambala asanu: malita a thanki, presha ya thankiyo ikadzaza, kukula kwa kabotolo ka mfuti, presha imene mumadzaza mfuti, ndi presha imene mfuti imakhala nayo pamene mukubwera kudzawonjezera. Malita ndi presha ya thanki zimadindidwa paphewa pake kapena pa chipepala chomatidwa m'mbali. Kukula kwa kabotolo ka mfuti kumalembedwa m'ma cc m'kabuku kake, ndipo ma cc 1000 ndiwo lita imodzi.

Poyamba pezani mpweya umene thanki ingapereke. Chotsani presha ya mfuti ku presha ya thanki, zotsalazo muchulukitse ndi malita a thanki. Kenako pezani umene mfuti imamwa pa ulendo umodzi: chotsani presha yotsala ku presha yodzaza, muchulukitse ndi malita a kabotolo. Pomaliza gawani nambala yoyamba ndi yachiwiri.

Tiyerekeze kuti muli ndi thanki ya carbon fibre ya malita 6.8 yodzazidwa pa bar 300. Mfuti yanu ili ndi kabotolo ka ma cc 200, komwe ndi malita 0.2, mumaidzaza pa bar 200 ndipo mumawombera mpaka itatsika pa bar 100. Ku 300 tikachotsa 200 patsala 100, tikachulukitsa ndi 6.8 tikupeza 680. Kumfuti, ku 200 tikachotsa 100 patsala 100, tikachulukitsa ndi 0.2 tikupeza 20. Tikagawa 680 ndi 20 yankho ndi 34. Papepala, thankiyo idzadzaza mfuti yanu maulendo 34.

Ndawerenga choncho, koma sindinafike pa 34. Kodi thanki yanga ikutaya mpweya?

Mwina ayi. Masamu aja amapereka nambala yokwera kuposa imene mudzaione, ndipo pali zifukwa zitatu.

Choyamba chili m'khalidwe la mpweya weniweniwo. Presha ikadali yotsika, mukawonjezera mpweya kawiri presha imakweranso kawiri. Koma ikadutsa bar 200 mpweya umayamba kukana kupanikizika, ndipo geji imakwera msanga kuposa mpweya umene ukulowa. Pa bar 300, lita iliyonse ya thanki imasunga mpweya wa malita pafupifupi 270, osati 300. Pa bar 200 imasunga pafupifupi 194. Ndiye kuti pakati pa 300 ndi 200, pamene timaganiza kuti pali 100, pali 76 chabe kapena pafupi pamenepo. Chifukwa cha ichi chokha maulendo 34 aja amatsika kufika pa 28.

Chachiwiri ndi paipi. Mukamaliza kudzaza mumatseka vavu ya thanki n'kumasula kasikuluu kotulutsira mpweya wotsala m'paipi, apo ayi paipiyo siingachoke pamfuti. Kaphokoso kamene mumamva pamenepo ndi mpweya wa bar 200 umene ukupita pachabe. Ngati paipi, geji ndi zolumikizira zonse pamodzi zili ndi malo a ma cc 10, mwataya 2 pamwamba pa 20 imene mfuti yamwa. Paipi yaitali ndi yotakata imataya wochuluka. N'chifukwa chake ndimalangiza paipi yaifupi, yopyapyala mkati, imene ogulitsa amaitcha microbore.

Chachitatu ndi kutentha, komwe ndikufotokoza m'munsimu. Zonsezi zikaphatikizana, thanki ya malita 6.8 ija idzakupatsani maulendo a pakati pa 22 ndi 27. Njira yachidule ndi yakuti, pa thanki ya bar 300, nambala imene mwapeza papepala muichotse gawo limodzi mwa magawo anayi.

Ngati mukukayikirabe kuti pali potayikira, tsekani vavu, chotsani paipi, pakani thovu la sopo pakamwa pa vavu ndi m'khosi mwa thanki. Pakakhala potayikira thovulo limatukumuka.

Wina akundigulitsa thanki imene ankagwiritsa ntchito osambira pansi pa nyanja. Ndigule?

Yang'anani kaye presha yodindidwa paphewa pake. Mathanki ambiri a osambira ndi a aluminiyamu, a malita 11, ndipo amadzaza pa bar 207, yomwe ndi psi 3000 (psi ndi muyeso wina wa presha). Ndi aakulu, ooneka bwino, koma kwa mfuti ya bar 200 ali ndi bar 7 zokha zogwira ntchito. 7 kuchulukitsa ndi 11 ndi 77, kugawa ndi 20 sikukwana n'komwe maulendo anayi. Mfuti ngati Benjamin Marauder, imene kabotolo kake ndi ka ma cc 215 ndipo imalola mpaka psi 3000, ingangofika pafupi ndi pamwamba, ngakhale pa ulendo woyamba. Mfuti ya bar 232 kapena 250 siingadzaze ngakhale kamodzi.

Sindikunena kuti thanki yotere ndi yachabe. Ngati mfuti yanu imawombera bwino mukaidzaza pa bar 170 zokha, nkhani imasintha. Tsopano muli ndi bar 37 zogwira ntchito, kuchulukitsa ndi 11 ndi 407, ndipo mfuti ya ma cc 200 ija, kuchokera pa bar 100, ikumwa 14 pa ulendo. Ndi maulendo 29 papepala, ndipo pa presha yotsika chonchi masamu sasiyana kwambiri ndi zoona zake. Koma zipolopolo zimene muziwombera pa ulendo uliwonse zizikhala zochepa.

Pakati pa thanki ya malita 12 ya bar 232 ndi ya malita 6.8 ya bar 300, ndisankhe iti?

Kwa mfuti yomwe ija ya ma cc 200, thanki ya malita 12 ili ndi bar 32 zogwira ntchito. 32 kuchulukitsa ndi 12 ndi 384, kugawa ndi 20 ndi maulendo 19, amene zoona zake adzakhala 15 kapena 16. Kathanki ka malita 6.8 kakuiposa, chikhalirecho n'kopepuka, kolemera makilogalamu anayi okha kakakhala kopanda mpweya, pamene ya malita 12, ikakhala yachitsulo, imadutsa makilogalamu 12. Yoposa zonse ndi ya malita 12 ya bar 300, imene papepala imapereka maulendo 60, koma kuinyamula n'chintchito.

Komabe musathamangire ya bar 300 musanadziwe kumene muziidzazitsa. Thanki ya bar 300 imene mukuidzazitsa pa kompresa yofika bar 220 zokha yangokhala thanki ya bar 220. Kathanki ka malita 6.8 kodzazidwa choncho kali ndi 136 yokha yogwira ntchito, maulendo osakwana asanu ndi awiri. Funso loyamba likhale lakuti, ndani adzandidzazira mpaka 300?

Mfuti yanga ili ndi botolo lalikulu la ma cc 480 ndipo imadzaza pa bar 250. Bwanji thanki ikutha msanga chonchi?

Chifukwa mfuti yotere imadya mbali ziwiri. Botolo lake ndi lalikulu, ndiponso presha yake ili pafupi kwambiri ndi ya thanki. Pa thanki ya malita 6.8 muli ndi bar 50 zokha zogwira ntchito, zomwe ndi 340. Ngati mumadzaza kuchokera pa bar 130 kufika pa 250, mfuti imamwa pafupifupi 58 pa ulendo. Papepala ndi maulendo osakwana asanu ndi limodzi, ndipo mudzaona anayi kapena asanu.

Yesani kuidzaza pa bar 220 zokha. Mpweya wogwira ntchito ukwera kufika pa 544, mfuti izimwa 43, ndipo maulendo akhala 12 papepala. Zoonadi, ulendo uliwonse uzikupatsani zipolopolo zocheperapo, koma zonse pamodzi thanki imodzi ikupatsani zochuluka, chifukwa mwatsegula bar 30 zina za m'thanki zimene poyamba zinkangokhala. Nambala yolembedwa pamfuti ndi malire oti musadutse, si lamulo lakuti nthawi zonse muzifika pamenepo.

Ndiziwonjezera mpweya mfuti ikafika pati?

Zimadalira ngati mfutiyo ili ndi regyuleta. Regyuleta ndi kachipangizo kamene kamapereka mpweya wa presha yofanana pa chipolopolo chilichonse, nthawi zambiri pakati pa bar 100 ndi 150 malinga ndi mmene anaitchunira. Malinga ngati m'kabotolo muli presha yoposa ya regyuleta, liwiro la zipolopolo silisintha. Ikatsika kudutsa pamenepo zipolopolo zimayamba kugwera m'munsi mwa pamene mwaloza, ndipo nthawi yowonjezera yakwana. Mfuti yopanda regyuleta imakhala ndi chigawo chake chimene imawombera mofanana, mwachitsanzo kuyambira pa bar 180 kutsika mpaka 120, ndipo mumachipeza powombera pa pepala n'kumaona pamene zipolopolo zayamba kutsika. Mfuti zambiri zotere mukazidzaza mopitirira liwiro limatsika m'malo mokwera, chifukwa presha imakanikiza vavu yamkati kuti isatseguke mokwanira.

Kuwonjezera pafupipafupi, mutangowombera zipolopolo zisanu kapena khumi, kumawononga mpweya. Umene umatayika m'paipi ndi wofanana kaya mwawonjezera bar 20 kapena 100. Komanso musalole mfuti kutheratu mpweya mpaka pa ziro, chifukwa zina vavu yake imalephera kutsekeka ndipo mpweya umangotulukira kumpope pamene mukuyamba kudzaza.

Geji ya thanki yatsika kudutsa presha ya mfuti. Ndiye kuti yatha?

Ayi, idzapitiriza kukupatsani mpweya, koma osadzaza. Thanki ya malita 6.8 ili pa bar 190 mukailumikiza ku mfuti ili pa bar 100, ziwirizi zidzakumana cha pa 187. Ulendo wotsatira cha pa 184, n'kumatsika choncho. Kwa munthu amene akupha makoswe m'nkhokwe kapena kuwombera zitini kuseri kwa nyumba, amenewa ndi maulendo enanso ambiri othandiza.

Amene ali ndi mathanki awiri amachita mwanzeru chonchi: amayamba ndi thanki yotsika kukweza mfuti kufika pamene ingathe, kenako amamalizira ndi yodzaza. Thanki yodzazayo imangopereka bar zochepa zapamwamba, motero imakhalitsa kwambiri. Apa ndi pamene thanki ya aluminiyamu ija imapeza ntchito yeniyeni.

Kodi nyengo ya kuno imasintha kanthu?

Imasintha, ndipo zimaoneka pa geji. Mpweya ukatentha presha imakwera, ukazizira imatsika. Pa thanki ya bar 300, digiri iliyonse imasuntha geji ndi bar imodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Thanki imene inkasonyeza 300 masana a mu Okutobala idzasonyeza zotsika m'mawa wa chiperoni mu Julayi, popanda kutaya mpweya ngakhale pang'ono.

Chimene chimadya maulendo anu kwambiri ndi kutentha kwa pa nthawi yodzaza. Mpweya ukamapanikizidwa umatentha, ndipo thanki yodzazidwa mothamanga imachoka pa kompresa ili yofunda. Ikakhala pa madigiri 45 ndipo geji ikuti 300, ikazizira kufika pa madigiri 20 mudzaipeza pa 275 kapena kutsikirapo. Bar 25 zingaoneke zochepa poyerekeza ndi 300, koma kumbukirani kuti zogwira ntchito zinali 100 zokha. Gawo limodzi mwa magawo anayi lapita musanalumikize n'komwe mfuti. Pemphani wodzazayo kuti adzaze pang'onopang'ono, aisiye izizire, kenako awonjezere. Ngati mwayenda ulendo wautali kukadzazitsa, dikirani ola limodzi kapena awiri amenewo, musanyamuke ndi thanki yofunda.

Kabotolo ka mfuti nakonso kamachita zomwezo. Tsegulani vavu pang'ono kwambiri, singano ya geji izikwera mwakachetechete, kudzaza kutenge theka la mphindi kapena kuposerapo. Mukatsegula mwamphamvu timphira ta m'kati timapsa, ndipo pakapita mphindi khumi mudzapeza geji yatsika yokha.

Thanki yodzaza musaisiye m'galimoto yotseka padzuwa, makamaka mukatsikira ku Chikwawa kapena ku Nsanje m'miyezi yotentha. Poyenda muigoneke ndi kuimanga kuti isagubuduke, ndipo vavu isagunde chilichonse.

Ndingadzazitse kuti?

Osati pamalo omwetsera mafuta kapena kwa okonza matayala. Makompresa awo amafika cha pa bar 10, popeza tayala la galimoto yaing'ono limangofuna bar ziwiri kapena ziwiri ndi theka. Mpweya wa presha yokwera umapezeka kwa ophunzitsa kusambira pansi pa madzi ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, koma makompresa a osambira kawirikawiri amatchunidwira mathanki a bar 200 kapena 232. Imbani foni musananyamuke, mufunse presha imene amafika ndiponso ngati angalandire thanki yanu.

Njira ina ndi kugula kompresa yanu. Zilipo zazing'ono za 12V zoyendera batire ya galimoto, koma zimenezi anazipangira kudzaza mfuti mwachindunji, ndipo mukazikakamiza kudzaza thanki yaikulu zimatentha n'kufa msanga. Zamagetsi a m'nyumba zoziziritsidwa ndi madzi, monga za Yong Heng, zimatha kudzaza thanki ya malita 6.8 mpaka bar 300 ngati mukuzipumitsa ndi kuyang'anira kutentha kwake. Chimene muyenera kusamala nacho ndi chinyezi. M'nyengo yamvula mpweya wa kuno umakhala ndi madzi ambiri, ndipo kompresa imawafinyira m'thanki ngati ilibe sefa yabwino youmitsira. Madziwo amadyetsa dzimbiri thanki yachitsulo kuchokera m'kati, kumene diso silifika, ndipo amakafikanso m'mfuti. Muzitulutsa madzi pa kompresa pafupipafupi ikamagwira ntchito, ndipo muzisintha za m'sefa.

Pampu yamanja ya PCP ilinso bwino kwa amene mfuti yake ili ndi kabotolo kakang'ono, ndipo siidalira magetsi. Koma ndi yodzazira mfuti, osati thanki.

Mnzanga wowotcherera zitsulo akuti angandithirire kuchokera mu silinda yake. Zingatheke?

Musayerekeze. M'silinda ya owotcherera muli okosijeni. Okosijeni wopanikizidwa akakumana ndi kadontho ka mafuta kapena girizi amayatsa moto nthawi yomweyo, ndipo m'mfuti muli mafuta. Kabotolo kamaphulika m'manja mwanu, pafupi ndi nkhope. Za m'zipatala ndi chimodzimodzi. M'mfuti ya PCP mumalowa mpweya wamba wouma, kapena nayitrojeni kwa amene ali ndi zida zoyenera zochepetsera presha yake. Pa chifukwa chomwecho, pa timphira ndi polumikizira musapake oyilo wa galimoto kapena mafuta ena ochokera ku petulo. Pamafunika girizi wa silikoni yekha.

Paipi yanga siikugwira bwino pa thanki yatsopano. Chavuta n'chiyani?

Werengani mazinga. Zolumikizira za mtundu wa DIN zilipo ziwiri: ya bar 232 ili ndi mazinga asanu, ya bar 300 ili ndi asanu ndi awiri. Ya mazinga asanu siifika pansi pa vavu ya bar 300, motero siitseka, ndipo anachita dala kuti chida chofooka chisalandire presha yochiposa. Ya mazinga asanu ndi awiri imalowa m'mavavu onse awiri. Mathanki ena a osambira ali ndi vavu yogwira ndi chopanira m'malo mwa mazinga, ndipo imeneyo imafuna cholumikizira chakechake.

Geji yanga ili m'ma psi. Ndisinthe bwanji?

Bar imodzi ndi psi 14.5. Choncho psi 3000 ndi bar 207, ndipo psi 4500 ndi bar 310. Masamu aja amagwiranso m'ma psi, bola manambala onse akhale a mtundu umodzi.

Thanki yogwiritsidwapo kale ntchito ndiione chiyani?

Madeti. Pathanki pamakhala mwezi ndi chaka chimene inapangidwa, komanso chidindo cha nthawi imene inayesedwa komaliza ndi madzi opanikizidwa. M'maiko ambiri kuyesa kumeneku kumachitika zaka zisanu zilizonse. Mathanki ambiri a carbon fibre ali ndi moyo wa zaka 15 kuchokera pamene anapangidwa, ndipo zikakwana amachotsedwa pa ntchito ngakhale akuoneka atsopano. Otsika mtengo modabwitsa nthawi zambiri amakhala amene zaka zawo zatha kapena zatsala pang'ono. Ya carbon fibre yokhala ndi bala lofika pa ulusi wake, kapena yachitsulo yobonyoka ndi ya dzimbiri lakuya, isiyeni. Wodzaza wodziwa ntchito yake adzaikana, ndipo akulondola. Thanki yachitsulo musamaisiye yopanda mpweya vavu ili yotsegula, chifukwa chinyezi chimalowa.

Kodi mfutizi zimafuna chiphaso?

Musanagule kapena kuitanitsa kuchokera kunja, pitani ku polisi mukafunse za mfuti yeniyeni imene mukufunayo, mutatenga dzina lake ndi kukula kwa mpope wake. Kusaka m'malo otetezedwa monga kuphiri la Michiru n'koletsedwa, kaya mfutiyo ndi ya mpweya kapena ayi.

Pomaliza pake, thanki imodzi ndi zipolopolo zingati?

Chulukitsani maulendo ndi zipolopolo zimene mfuti yanu imawombera pa ulendo umodzi. Ngati imakupatsani 40 ndipo thanki ikudzaza maulendo 25, ndiye zipolopolo 1000, zitini ziwiri za 500. Mfuti ya 4.5 mm imamwa mpweya wochepa pa chipolopolo kuposa ya 5.5 mm kapena 6.35 mm yotchunidwa mwamphamvu, choncho nambala ya mnzanu siingakhale yanu.

Kuti mupeze nambala ya zida zanuzanu, yesani nokha. Geji ya paipi imaonetsa presha ya m'paipi, osati ya m'thanki, choncho tsekani kumapeto kwa paipi ndi kachitsekerero kake kachitsulo, tsegulani vavu pang'onopang'ono, muwerenge, mutseke, mutulutse mpweya wa m'paipi. Lembani nambalayo. Dzazani mfuti maulendo khumi monga mumachitira masiku onse, kenako muwerengenso thanki nthawi yofanana ya tsiku. Ngati inali pa 290 ndipo tsopano ili pa 254, ulendo uliwonse ukudya bar 3.6, ndipo kuchokera pa 290 kufika pa 200 muli maulendo 25. Maulendo oyamba amatsitsa geji mofulumira kuposa omaliza, choncho mungapeze awiri kapena atatu owonjezera pamwamba pa nambala imeneyo.